Tikati tizirombo sitikuoneka, sitinanene kuti mwachira

Sabata yatha mayi ena anandiyalira patebulo kachipangizo kodziyezera HIV, kaja kopaka m'nkhama, atakakulunga bwinobwino m'kansalu. Kanaonetsa mzere umodzi, ngati mmene kamaonetsera kwa munthu wopanda kachirombo. "Adokotala, onani nokha, ine ndachira." Mayiwa akhala pa ma ARV kuyambira 2012 ali oyembekezera mwana wachiwiri, ndipo pa tsikulo n'kuti patatha masabata atatu asanatsekule botolo lawo. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri m'chipinda chathu cha ma ARV, ndipo afika pondikwana.

Kachipangizo kaja sikafufuza kachirombo ayi. Kamafufuza ma antibodi, zinthu zimene thupi limapanga likamalimbana ndi kachiromboko. Munthu akamwa mankhwala mokhulupirika kwa zaka, kachirombo kamaponderezedwa kwambiri moti thupi limatha kuchepetsa ma antibodi aja, ndipo m'nkhama amakhalamo ochepa kale poyerekeza ndi m'magazi. Ndiye mzere wachiwiri ukhoza kusatuluka kachirombo kali momwemo. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati munthu amene ali pa ma ARV asamadziyeze ndi tizipangizo timeneti. Mzere umodzi uja ukungochitira umboni kuti mankhwala amagwira ntchito, ndipo munthu amawasiya pa chifukwa chomwe amayenera kuwapitirizira.

Chimodzimodzinso zotsatira za vailo lodi, kuyeza kuchuluka kwa tizirombo m'magazi. Tikati "tizirombo sitikuoneka" tikutanthauza kuti m'kadontho ka magazi kamene tinatenga, tizirombo tachepa kufika poti makina sangatiwerenge. Ndi nkhani yabwino zedi: chitetezo chimabwerera, ndipo munthu amene akukhalabe pamenepo sapatsira mnzake pogonana. Koma kuchira n'kwina.

Ambiri mwa inu mukumwa piritsi limodzi patsiku la TLD, limene m'buku mwanu timalemba kuti 13A. Muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Tinayamba kusamutsira anthu ku piritsi limeneli mu 2019 kuchoka ku 5A, uja wa efavirenz amene ena ankati akuwalotetsa zoopsa ndi kuwachititsa chizungulire. Mphamvu yaikulu ya TLD ili mu dolutegravir. Kachirombo kakalowa m'selo ya CD4, mmodzi wa asilikali oteteza thupi, kamatenga uthenga wa chibadwa chake n'kuusokerera m'chibadwa cha seloyo, ndipo singano yake yosokera ndi chinthu chotchedwa integrase. Dolutegravir amagwira singano imeneyo kuti isasoke. N'chifukwa chake amatsitsa tizirombo mofulumira, kwa ambiri m'miyezi yochepa chabe. Koma zimene zinasokedwa kale musanayambe mankhwala, iye sasola. M'thupi mumatsala maselo ogona, m'mwanabere, m'matumbo ndi malo ena, amene asunga uthenga wa kachirombo ndipo amatha kukhala zaka zambiri ali phee. Mlimi aliyense amadziwa kaufiti. Mukhoza kupalira munda n'kuyera mbee, koma njere zake zili m'nthaka, zikudikira.

Dolutegravir sakhalitsa m'magazi. Pakatha maola pafupifupi 14, theka lake limakhala latuluka, ndipo pakapita masiku ochepa osamwa watheratu. Kwa anthu ambiri kachirombo kamayambanso kuoneka m'magazi pakangotha masabata awiri kapena atatu. Chopusitsa n'chakuti munthu samva kanthu. Amadya, amalima, amanenepa, miyezi imadutsa, mwina chaka, ndipo tsiku lililonse lotere amaliwerenga ngati umboni woti anachiradi, pamene asilikali a m'thupi akutha mwakachetechete. Amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, nthawi zambiri osadziwa n'komwe, ndiye ali pangozi ina: tenofovir ndi lamivudine ndi amene amawagwirira matendawo, ndipo kusiya mwadzidzidzi kukhoza kutupitsa chiwindi koopsa.

Pali bambo ena amene sandichoka m'mutu. Anali kalipentala, munthu wosunga nthawi, anayamba mankhwala kalekale m'masiku a Triomune, ma ARV oyambirira aja, anadutsa 5A, n'kufika pa 13A osaphonyako tsiku lobwera kuchipatala. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Bambo, zikomo kwambiri, tizirombo sitikuoneka." Anasekerera, ndinawalembera mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, n'kuitana wotsatira chifukwa mzere unali utafika pakhonde. Sanabwerenso. Tinawaimbira foni, tinatuma munthu kumudzi, anangoyankha kuti ali bwino. Tinamva pambuyo pake kuti anapita kumapemphero kuphiri, mneneri anawauza kuti kumwabe mankhwala n'kukayikira Mulungu, ndipo iwo anaikira umboni pamaso pa mpingo kuti ngakhale adokotala ananena kuti tizirombo mulibe. Adokotalawo ndinali ine.

Patatha chaka ndi miyezi anayamba kumva mutu. Masabata awiri anali pa panado wa pagolosale. Sabata yachitatu anawatemera mphini m'mutu. Pofika kwa ife anali atawagoneka m'ngolo, khosi litauma, akulankhula zosadziwika mutu wake, CD4 isakufika ndi 50 yomwe. Anali matenda oumitsa khosi a cryptococcus, kafangasi kamene kamalowa m'bongo chitetezo chikatheratu. Tinapempha kuti titenge madzi a pamsana, achibale anakana masiku awiri, ati singano ya pamsana imapha. Singano imeneyo siipha, abale anga. M'matenda amenewa madzi amachuluka n'kumapanikiza bongo, ndipo kuwachotsako ndi gawo la chithandizo chenicheni. Anthu amafa atabayidwa chifukwa amabwera nawo mochedwa. Pamene amalume awo anavomera, bambowo anali atasiya kuona. Anamwalira patapita masiku asanu. Akazi awo, amene kwa zaka zonsezo ankapezeka opanda kachirombo, tinawapeza nako.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti chikanandivuta n'chiyani kuwonjezera mawu ochepa aja, akuti kachirombo kakadalimo, musasiye. Masiku ano sindilola munthu kutuluka m'chipinda changa asanandibwerezere yekha mawu amenewo, kaya mzere utalike bwanji.

Za kupemphera sindiletsa, inenso ndimapemphera, ndipo ndikudziwa abusa ndi mashehe ambiri amene amakumbutsa anthu awo tsiku lokatenga mankhwala. Amene ndikulimbana nawo ndi awa ouza munthu kuti ataye botolo m'chimbudzi, ndi awa ogulitsa tizibotolo pa WhatsApp ndi Facebook ati jakisoni mmodzi kapena malita asanu a zitsamba achotsa HIV. Akuluakulu akukumbukira mchape wa a Billy Chisupe ku Machinga mu 1995, pamene chinamtindi cha anthu chinakhamukira kumeneko kukamwa kapu ya mankhwala amene ankati akuchiza Edzi. Nthawi imeneyo anthu analibe pogwira, ma ARV aulere anadzayamba mu 2004, ndipo maliro sanaleke ndi mchape. Lero mankhwala alipo, osalipira, ndiye munthu agulitse mbuzi kuti agule madzi a m'botolo losalembedwa kanthu? Ogulitsawa amadziwa bwino chimene akuchita. Amakuuzani kuti mukatha botolo lawo mukayezetse, podziwa kuti ma ARV amene munamwa zaka zonsezi akadakusungirani zotsatira zabwino kwa kanthawi. Ulemu amatenga iwo, ndalama atenga, ndipo tsiku lodzakunyamulani pamachira nambala yawo siigwira. Zina mwa zosakanizazo zimawononganso impso ndi chiwindi, ndipo impso zikafooka ngakhale tenofovir timayenera kumuchotsa. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa zabodza zotere, choncho kukawanena kupolisi si nkhanza. Anthu amene anachiradi HIV padziko lonse ndi owerengeka, monga Timothy Ray Brown ku Berlin, ndipo anachira atawaika maselo a m'mafupa a munthu wina pochiza khansa ya m'magazi, chithandizo choopsa chimene palibe dokotala angachipereke kwa munthu amene piritsi limodzi likumusunga bwinobwino.

Ena amasiya chifukwa piritsilo likuwasowetsa tulo, likuwanenepetsa kapena shuga wakwera. Zimenezo n'zenizeni, ndipo zili ndi pokonzera: ambiri tulo timabwerera akayamba kumwa m'mawa. Bwerani mudzanene. Munenenso ngati mwayamba mankhwala a TB, chifukwa rifampicin, mmodzi wa mankhwalawo, amafooketsa dolutegravir ndipo timawonjezera kapiritsi kena ka 50 mg pakatha maola 12. Mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium kapena aluminium amamanga dolutegravir m'mimba, choncho imwani TLD maola awiri musanamwe iwowo, kapena maola 6 mutawamwa.

Ngati munasiya kale, kaya ndi mwezi kaya zaka ziwiri, musadikire kuti mudwale, ndipo musachite manyazi ndi buku lopanda masiku. Ndipo ngati mutu ukukupwetekani mosalekeza, mukutsokomola, mukutentha thupi kapena mukuonda, musangoyambiranso nokha botolo lakale kunyumba. Bwerani lero lomwe tiyeze CD4, tiyeze magazi ngati muli cryptococcus ndi mkodzo ngati muli TB, chifukwa matenda amenewa akakhalapo timayamba ndi iwowo, ma ARV n'kutsatira pa nthawi yake.

Mayi a kachipangizo aja anavomera kuyambiranso tsiku lomwelo, ndipo ndawalembera tsiku lodzatenga magazi. Ponyamuka anandifunsa kuti akawauza chiyani abusa awo, poti umboni anaikira kale kutchalitchi. Ndinawauza kuti abwere nawo Lachinayi masana mzere ukatha, ndidzawafotokozera ndekha.