Mwana wa pachilumba amene anagoletsa timu ya bambo ake zigoli zitatu

Mu August 2023 FC Copenhagen ya ku Denmark inakumana ndi Breiðablik ya ku Iceland mu ma qualifier a Champions League. Gemu yachiwiri pa Parken, galaundi ya Copenhagen, inatha 6-3, ndipo zigoli zitatu za Copenhagen anagoletsa ndi kamnyamata kazaka 18, Orri Óskarsson. Kochi wa Breiðablik amene ankayang'ana zonsezi ali chilili pambali pa galaundi anali Óskar Hrafn Þorvaldsson, bambo ake omubereka. Eya, mwana kutulutsa bambo ake mu mpikisano, 8-3 magemu onse awiri, kaya kunyumba anakambirana zotani.

Ambiri amaikonda nkhaniyi chifukwa cha zimenezo basi, koma ine poti ntchito yanga ndi yophunzitsa ana mpira chimene chimandikoka ndi njira imene mwanayu anadutsa. Kawirikawiri makolo amandifunsa kuti akochi, nanga mwana wangayu poti mpira akuutha bwanji osamupezera timu ku Ulaya pompano akadali wamng'ono? Yankho lake lili mu mbiri ya Orri yomweyi.

Iceland ndi chilumba chozizira koopsa kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, anthu ake ndi pafupifupi 400,000, kutanthauza kuti Blantyre yokha ili ndi anthu kuwirikiza kawiri dziko lonselo. Koma ndi omwewa anatulutsa England 2-1 mu Euro 2016, kenako mu 2018 anapita ku World Cup nkukafanana mphamvu ndi Argentina 1-1, Messi penate yake inagwidwa tsiku limenelo. Sizamatsenga ayi. Kuyambira cha m'ma 2000 anayamba kumanga magalaundi a m'nyumba, okhala ndi denga ndi kapinga wopanga, kuti ana azisewera ngakhale kunja kuli chisanu ndi mdima, komanso anaphunzitsa makochi ambirimbiri mpaka kukhala ndi ma laisensi a UEFA, bungwe la mpira ku Ulaya, moti mwana wa zaka 7 amaphunzitsidwa ndi munthu woti anakhala mkalasi, osati amalume oti angopezeka kuti ali ndi wezulo. Orri anabadwa mu August 2004, ndiye kuti anakulira mkati mwa zimenezi.

Timu yake yoyamba ndi Grótta, katimu kakang'ono ka ku Seltjarnarnes kufupi ndi Reykjavík. Mu 2018 anasewera gemu ya akuluakulu ali ndi zaka 13, kutangotsala masiku ochepa kuti akwanitse 14, mu ligi yachitatu ya dzikolo, kochi ali bambo ake omwewo. Wina anena kuti aaa zapachibale izi, mwana wa kochi. Mwina khomo linatseguka msanga chifukwa cha zimenezo, sindingatsutse, koma difenda wa zaka 30 safunsa kuti ndiwe mwana wa ndani akamakugunda phewa. Ndipo apa mpamene pali ubwino wa dziko la anthu ochepa, osewera ndi ochepa ndiye mwana waluso sakhalitsa pa mzere, amalowa msanga pakati pa madoda nkuphunzira kuteteza mpira ndi thupi, kudziwa kuti ukachedwa sekondi imodzi mpira wapita. Ku ma akademi akuluakulu a ku England mwana wamsinkhu umenewo amakhala akusewerabe ndi anzake a msinkhu umodzi kwa zaka zina zinayi kapena zisanu.

Mu 2020 anasamukira ku Copenhagen, chaka chimene ankakwanitsa 16. Apa ndiye mvetserani bwino makolo. FIFA ili ndi lamulo, Article 19 ya malamulo a transifa, loti mwana wosakwana zaka 18 sangasamutsidwe kuchoka dziko lina kupita dziko lina kukasewera mpira. Pali timipata tochepa, monga ngati makolo asamuka pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena mwana amakhala pafupi ndi malire osapitirira makilomita 50 ndipo timuyo ilinso pafupi chomwecho mbali inayo, ndiye pali kampata kena kakuti mkati mwa EU (mgwirizano wa maiko a ku Ulaya) ndi EEA (maiko a EU pamodzi ndi ena ochepa a ku Ulaya komweko) mwana atha kusamuka ali ndi zaka 16 bola timu imupatse sukulu ndi pokhala pabwino. Iceland si membala wa EU koma ili mu EEA, ndiye Orri anadutsira pamenepo mwalamulo. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Chipata kampata kameneka alibe, adikire 18 basi. Ndipo lamuloli silamasewera, Barcelona, Real Madrid, Atlético Madrid ndi Chelsea onse analetsedwapo kugula osewera chifukwa cha nkhani za ana. Ndiye munthu akabwera ndi jekete yabwino kuti perekani ndalama ya tiketi mwana wanu wa zaka 15 ndamupezera timu ku Spain, mufunseni kaye kuti adutsira mpata uti.

Zaka ziwiri zimenezo, 16 mpaka 18, ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ndi nthawi imene thupi likukhwima, mwana akuphunzira kudya bwino, jimu, kuwerenga gemu pa vidiyo, chilankhulo. Wofika ali ndi 18 kapena 19 amapeza anzake anazolowera kale ndipo timu imafuna aonetse zinthu pompopompo, palibe womudikira.

Ku Copenhagen sanangofikira mu timu yaikulu. Anayambira kwa achinyamata, nkumagoletsa, kenako kumalowa mwa apo ndi apo, ndipo kumayambiriro kwa 2023 anamutumiza pa loni ku SønderjyskE imene nthawi imeneyo inali mu ligi yachiwiri ya Denmark. Kwa ine iyi ndi sitepe imene anthu amaidumpha akamafotokoza mbiri yake koma ndi yofunika kwambiri. Ana ambiri akamva loni amaona ngati atayidwa, amakwiya, ma ejenti nawo amawauza kuti iwe ndiwe wamkulu sungapite kumeneko. Koma sitiraika amakula ndi maminitsi, kuphonya chigoli Loweruka nkudzapezanso mpata Loweruka linalo, pa benchi ya timu yaikulu umangokula dzina. Atabwerako miyezi yochepa chabe ndi pamene anawachita bambo ake zija. Sizoni imeneyo Copenhagen inali mu gulu limodzi ndi Bayern Munich, Galatasaray ndi Manchester United, inachinya United 4-3 nkudutsa mpaka mu last 16, ndiye maso a ma sikauti onse anali pamenepo.

Kumapeto kwa August 2024 Real Sociedad ya ku Spain inamugula pa ndalama imene inamveka kuti ndi pafupifupi 20 miliyoni euro, mwana atangokwanitsa zaka 20.

Pa ndalama imeneyi pali kanthu kena kamene matimu ang'onoang'ono kwathu kuno amakagonera. Wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontilakiti, 5 peresenti ya mtengowo imagawidwa kwa matimu onse amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23, amati solidarity. Chaka chilichonse cha pakati pa 12 ndi 15 chimabweretsa 0.25 peresenti ya mtengo wonse, kuyambira 16 kupita mtsogolo ndi 0.5. Ndiye mukawerengetsa mwachidule, zaka zinayi za ku Grótta ndi pafupifupi 1 peresenti, pa 20 miliyoni ndi cha m'ma 200,000 euro, kwa katimu kotero ndi ndalama yoti nkulipira makochi a ana kwa nthawi ndithu. Koma imabwera pokhapokha ngati mwanayo analembetsedwa ku bungwe la mpira la dziko lake, dzina, tsiku lobadwa lenileni, timu, chaka ndi chaka. Ngati munangomuphunzitsa pa galaundi ya pasukulu popanda pepala lililonse, olo mutalumbira kuti nsapato yoyamba munamugulira ndinu, simuona kanthu.

Ku Spain zinthu sizinayende myaa. Anagoletsa ziwiri pa gemu ya Valencia atangofika kumene anthu nkuyamba kumufanizira ndi Alexander Isak amene anachoka pa timu yomweyo kupita ku Newcastle mu 2022, koma kenako zigoli zinayamba kusowa, kochi Imanol Alguacil nthawi zambiri ankadalira Mikel Oyarzabal kutsogolo, kuvulala nakonso kunamubwezera mmbuyo. Ine sizinandidabwitse. Ku Denmark Copenhagen imapanikiza pafupifupi aliyense ndiye sitiraika amalandira mipata yambiri, ku La Liga mpata umabwera umodzi kapena iwiri gemu yonse, ma difenda ake ndi oti amadziwa kumene uthamangire iwe usanaganize nkomwe. Komanso mtengo uja umalemera, ma sapota saona mwana wa zaka 20, amaona 20 miliyoni.

Ku timu ya dziko anayamba mu September 2023, chigoli choyamba chinabwera mwezi wotsatira pa gemu ya Luxembourg. Mu March 2025 kochi watsopano Arnar Gunnlaugsson anamupatsa ukaputeni ali ndi zaka 20 zokha, ndipo magemu ake oyamba atavala kansalu kapamkono anali a Kosovo mu ma play-off a Nations League, Iceland inaluza onse awiri nkutsika kupita League C, gawo lachitatu la mpikisanowu. Gemu imene imati ndi yapakhomo anakasewerera ku Murcia ku Spain chifukwa galaundi yawo ya Laugardalsvöllur inali ikukonzedwa, a Flames mukuzidziwa bwino zosewera pakhomo uli kwa eni.

Maganizo anga ndi oti ukaputeni unabwera msanga. Ndikumvetsa chifukwa chake, m'badwo uja wa 2016 wa akina Aron Gunnarsson ndi Gylfi Sigurðsson wakalamba, kochi ankafuna kumanga timu pa ana ngati Orri ndi Hákon Haraldsson wa ku Lille, amenenso anadutsira ku Copenhagen komweko. Koma France sitiraika akavulala amangotenga wina pa mzere, pamene Iceland ilibe mzere umenewo, ndiye mnyamata yemweyo akhale wogoletsa, akhale woyankhula kwa atolankhani timu ikaluza, kwinaku ku kalabu nthawi imeneyo ankamenyerabe malo. Euro 2024 anaiphonya ataluza kwa Ukraine 2-1 mu play-off, ndipo World Cup ya 2026 anawatsekera khomo ndi a Ukraine omwewo. Rekodi yawo ija yokhala dziko la anthu ochepa kwambiri kufikako ku World Cup inatengedwa ndi Curaçao mu November 2025, chilumbanso, cha anthu osafika ndi theka lomwe la Iceland.