Chaka cha attachment si kulephera sukulu

Makolo ambiri muno mu Lilongwe akamva kuti mwana wachoka pa yunivesite kukagwira ntchito chaka chathunthu asanamalize digiri, amangoti basi walephera mayeso, amuchotsa. Ayi ndithu. M'mayunivesite ambiri a ku UK, digiri ya zaka 3 imatha kutenga zaka 4 chifukwa chaka chachitatu wophunzira amakakhala pa kampani, kenako n'kubwerera kudzamaliza. Dzina lake limakhalabe m'kaundula wa sukulu, ndipo kawirikawiri amalandirako malipiro.

Chimatisokoneza n'choti kwathu kuno tinazolowera attachment yaifupi, ya masabata kapena miyezi yochepa. Mwana wa ku Bunda akapita ku fakitale ku Kanengo, pomwe akuti wayamba kuwadziwa makina, nthawi yatha. Ena amangothera pa fotokope, zomvetsa chisoni. Koma wa chaka chonse amapatsidwa ntchito yakeyake, amalemba zomwe wachita mu logbook, bwana n'kusainira, aphunzitsi ake n'kumabwera kudzamuyendera.

Musasokonezenso ndi internship ya boma imene inayamba mu 2018. Imeneyo ndi ya amene anamaliza kale digiri, ngati achinyamata aja mumawaona m'maofesi a ku Capital Hill.