Chifukwa chake mizinda ya ku Pennsylvania imakangana ndi mabungwe achifundo pa nkhani ya msonkho

Nyumba yaitali kuposa zonse mumzinda wa Pittsburgh, ku America, inamangidwa ndi kampani ya zitsulo ya U.S. Steel, ndipo mpaka lero anthu amaitchula ndi dzina la kampaniyo. Koma zilembo zowala zimene zili pamwamba pake si za kampani ya zitsulo ayi. Palembedwa kuti UPMC, dzina la bungwe loyendetsa zipatala pafupifupi 40, lokhalanso ndi kampani yakeyake ya inshulansi, lomwe antchito ake ndi pafupifupi 100,000. Mukachotsapo boma, palibe amene walemba anthu ambiri ntchito m'chigawo cha Pennsylvania kuposa bungweli. Chonsecho m'kaundula wa boma UPMC ndi bungwe lachifundo, losapanga phindu, ndipo malo ake ambiri salipira msonkho wa malo ndi nyumba. Msonkho umenewu ndiwo umayendetsa sukulu za boma, apolisi ndi misewu ya m'mizinda ya kumeneko. Mkangano wagona pamenepo.

Mwambo woti anthu wamba azisonkhana n'kudzipangira zimene boma silikuwapatsa ndi wakale kwambiri m'chigawochi, wakale kuposa dziko la America lenilenilo. Mu 1731 Benjamin Franklin, yemwe panthawiyo anali wosindikiza mabuku mu Philadelphia, anakopa anthu 50 kuti asonkhe mashileni 40 aliyense oitanitsira mabuku ku London, ndipo laibulale imene anayambitsa ikadalipo. Mu 1736 anayambitsa gulu la ozimitsa moto ongodzipereka. Membala aliyense ankasunga kunyumba kwake ndowa zachikopa zotungira madzi ndi matumba opulumutsiramo katundu, kuti mfuwu ikamveka angonyamula n'kuthamanga. Koma nzeru yake imene yafala kwambiri ndi ya mu 1751. Dokotala Thomas Bond ankafuna kumanga chipatala cha anthu osauka, aphungu a kumidzi akukana kuvomereza ndalama poganiza kuti chipindulira a m'tauni okha. Franklin anawauza kuti alonjeze mapaundi 2,000, koma adzapereke pokhapokha anthu wamba atasonkha okha 2,000 ina. Aphunguwo anavomera poyesa kuti ndalamazo sizipezeka. Zinapezeka, n'kupitirira, ndipo Pennsylvania Hospital inamangidwa. Kuchokera pachiyambi penipeni, ndalama za boma ndi za anthu achifundo zinalowa m'thumba limodzi.

Anthu akuda a mu Philadelphia, amene mabungwe a azungu ankawasala, anapanga awo. Mu 1787 Richard Allen ndi Absalom Jones, onse awiri anthu amene anakhalapo akapolo, anayambitsa Free African Society. Membala ankapereka shileni imodzi pamwezi, ndipo thumbalo linkathandiza odwala, amayi amasiye ndi ana amasiye, monga amachitira magulu othandizana pa maliro kwathu kuno. Mliri wa yellow fever utagwa mu 1793 n'kupha anthu pafupifupi 5,000, olemera akuthawa mumzindamo, anthu a gululi ndiwo anatsala kudwazika matenda ndi kuika maliro. Allen yemweyo ndiye anadzakhala bishopu woyamba wa mpingo wa AME mu 1816, mpingo umene patapita zaka zoposa 100 unathandiza Kamuzu Banda kuchoka ku Johannesburg kupita kukaphunzira ku America.

Kenako kunabwera nthawi ya mpondamatiki. Andrew Carnegie, yemwe analemera ndi zitsulo, anamanga malaibulale, ndipo ina yoyambirira anaitsegula ku Braddock mu 1889 pafupi ndi fakitale yake. Ana a mwini kampani ya mafuta ya Sun Oil anayambitsa thumba lachifundo la Pew mu 1948. Koma nkhani yodabwitsa ndi ya Milton Hershey wa chokoleti uja. Iye ndi mkazi wake Catherine analibe mwana, ndipo mu 1909 anatsegula sukulu ya anyamata amasiye. Mkaziyo atamwalira, Hershey anapereka masheya ake a m'kampani ku thumba la sukuluyo mu 1918, mwakachetechete. Zotsatira zake n'zakuti mpaka lero kampani yaikulu ya chokoleti imene ija ili m'manja mwa thumba la sukulu ya ana ovutika pafupifupi 2,000, omwe amaphunzira, kudya, kuvala ndi kugona mwaulere. Mu 2002 oyang'anira thumbalo anafuna kugulitsa kampaniyo, ndipo a kampani ya chingamu ya Wrigley anali okonzeka kupereka madola 12.5 biliyoni. Anthu a m'tauni ya Hershey anakwiya poopa kuchotsedwa ntchito, mkulu wa zamalamulo wa chigawocho anathamangira kukhoti, malondawo n'kufera m'mazira. Pamenepo zinaoneka poyera kuti chuma cha bungwe lachifundo chikakula chotere sichikhalanso nkhani ya oyang'anira ake okha.

Lero pafupifupi anthu 15 mwa 100 alionse amene amagwira ntchito yosakhala ya boma m'chigawochi amalandira malipiro kuchokera ku mabungwe osapanga phindu, makamaka zipatala, mayunivesite ndi nyumba zosungira okalamba. Kumbali inayo kuli timagulu tosawerengeka topanda ngakhale wantchito mmodzi wolipidwa. Magulu a ozimitsa moto a m'matauni ang'onoang'ono amapeza ndalama zogulira galimoto pootcha nkhuku n'kugulitsa Loweruka, pochititsa masewera a bingo, kapena poima pamphambano atagwira jombo kuti oyendetsa galimoto aponyemo kenakake. Nawonso akutha. M'ma 1970 ozimitsa moto ongodzipereka analipo pafupifupi 300,000, koma lipoti la nyumba ya malamulo la mu 2018 linapeza kuti sakukwananso 40,000. Owotcha nkhuku awa ndi UPMC ali m'gulu limodzi pamaso pa lamulo.

Lamulolo linalembedwa kale. Chisanafike chaka cha 1874, aphungu ankachotsera msonkho bungwe lililonse limene lawasangalatsa, ndipo kukondera kunali kosachita kufunsa. Malamulo aakulu atsopano a chigawochi, amene anayamba kugwira ntchito chaka chimenecho, anatseka khomo limenelo ponena kuti aphungu angakhululukire msonkho mabungwe okhawo amene ntchito yawo ndi yachifundo chenicheni, chothandiza anthu onse. Olemba lamuloli ankaganizira nyumba za ana amasiye ndi zipatala za amphawi. Chipatala cholipiritsa mabilu akuluakulu kudzera mu inshulansi, chokhala ndi mabwana olandira mamiliyoni pachaka, sichinali m'maganizo mwawo.

Mu 1985 khoti lalikulu la chigawochi, poweruza mlandu wa Hospital Utilization Project, linaika muyeso umene maloya amangoutchula kuti HUP. Bungwe lofuna kusakhoma msonkho liyenera kukhala ndi cholinga chachifundo, lizipereka gawo lalikulu ndithu la thandizo lake mwaulere, lizithandiza anthu ambiri ofunikadi thandizo, lizipeputsako katundu wa boma, ndiponso lisakhale ndi mtima wofuna phindu ngakhale pang'ono. Mfundo zisanuzo zonse, osaphonyapo imodzi. Inali nthawi yomwe mafakitale a zitsulo ankatsekedwa, makhonsolo atasowa potolera msonkho, ndiye chigamulochi anachilandira ndi manja awiri. Anayamba kusumira zipatala ndi makoleji, ena n'kumagwirizana nawo kuti azipereka kangachepe mwa kufuna kwawo m'malo mwa msonkho. Mabungwe anadandaula kwa aphungu, ndipo mu 1997 kunatuluka lamulo lotchedwa Act 55 lomwe linafewetsa muyeso uja. Kwa zaka 15 kunakhala bata.

Amene anadzutsanso nkhaniyi sanali chipatala chachikulu, koma msasa wa tchuthi wa anyamata achiyuda m'boma la Pike. Mu 2012 khoti lalikulu linagamula kuti aphungu alibe mphamvu yofewetsa zimene malamulo aakulu akunena, ndiye bungwe lililonse liyambe ladutsa muyeso wa 1985. Msasawo unagwa pa muyesowo. Chaka chotsatira meya wa Pittsburgh, Luke Ravenstahl, anasumira UPMC pofuna kuti izikhoma msonkho wa pa malipiro a antchito ake. Yankho la bungweli linasiya anthu kukamwa kuli yasa: linati palokha lilibe wantchito aliyense, onse analembedwa ndi nthambi zake, choncho mzinda ukafuna usumire nthambizo imodziimodzi. Meya wotsatira, Bill Peduto, anausiya mlanduwo mu 2014 poyembekezera kuti kukambirana kubala zipatso. Mu 2023 meya Ed Gainey analamula kuti malo osakhoma msonkho mumzindamo aunikidwenso.

A zipatala ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopepuka. Pamene zitsulo zinagwa, ntchito za m'zipatala ndi m'mayunivesite ndizo zinagwira mzinda wa Pittsburgh kuti usafe, ndipo odwala osauka amathandizidwadi. Koma ine ndimaona kuti vuto la makhonsolo ndi lenileni. Chipatala chikagula nyumba imene inkakhoma msonkho, nthawi zambiri nyumbayo imachoka pa ndandanda, ndipo dzenje lotsalalo amalikwirira ndi eni nyumba wamba oyandikana nayo. Kulemba anthu ambiri ntchito nakonso si chifundo, poti U.S. Steel inkalembanso anthu masauzande koma msonkho inkakhoma.

Ku Philadelphia zinayenda mwina. Ophunzira ndi aphunzitsi a University of Pennsylvania, yomwenso ndi mbewu ya Franklin, anakakamiza akuluakulu a yunivesiteyo kwa zaka zambiri kuti azithandiza sukulu za boma za mumzindawo. Mu Novembala 2020 yunivesiteyo inalonjeza madola 100 miliyoni, oti aperekedwe pa zaka 10, okonzera nyumba zakale za sukulu zomwe zili ndi asibesitosi ndi utoto wa mtovu. Inapereka ndalamazo ngati mphatso, osati ngati msonkho, ndipo zaka 10 zikadzatha palibe lamulo loikakamiza kupitiriza.