Malikisi otsika a GRE angathe kukwera

Ku Chirunga kuno, pakati pa ophunzira a University of Malawi omwe akufuna kukachita Masters ku America, mwakhazikika maganizo oti mayeso a GRE, omwe mayunivesite ena a kumeneko amafuna kuti mulembe asanakutengeni, amayeza nzeru zobadwa nazo. Akuti ukapeza malikisi otsika ndiye kuti zako zada, kulembanso n'kungotaya ndalama. Zimenezi si zoona.

Masamu a GRE ndi a ku sekondale: maperesenti, algebra, geometry ndi kuwerenga magirafu. Calculus mulibe. Chimagwetsa ambiri ndi nthawi komanso kusadziwa mmene mayesowa amayendera. Kuyambira mu Seputembala 2023 amatenga nthawi yosakwana maola awiri. Masamu ndi Chingerezi zili ndi magawo awiriawiri, ndipo gawo lachiwiri limalimba kapena kufewa malinga ndi mmene mwachitira loyamba, choncho loyambalo musalitenge mwachibwana. Yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, ndiye kusiya funso osayankha n'kudzimana dala.

Bungwe la ETS, lomwe limayendetsa mayesowa, limalola kulembanso pakadutsa masiku 21, mpaka kasanu m'miyezi 12. Malikisi amagwira ntchito zaka 5, ndipo kudzera mu njira yotchedwa ScoreSelect mumasankha nokha oti mutumize, ngakhale sukulu zina zimafuna kuona onse.

Komabe kuthamangira kulembanso musanasinthe kakonzekeredwe n'kulipira kawiri malikisi omwewo. Lembani mayeso oyeserera aulere a PowerPrep mutatchera wotchi, kenako bwererani pa funso lililonse lomwe mwalakwa, muone ngati linakugwetsani n'kusadziwa, kupupuluma kapena kutha kwa nthawi. Pa Chingerezi, kuloweza mawu okha sikukwanira, zolowerani kuwerenga ndime zazitali zovuta tsiku lililonse.