Gwero la Mkangano wa Alendo mu Mzinda wa Venice

Pawindo la sitolo ina ya mankhwala, pafupi ndi mlatho wa Rialto mu mzinda wa Venice ku Italy, pali kachikwangwani kamagetsi kosonyeza chiwerengero cha anthu amene adakali m'chigawo chakale cha mzindawu, chimene chinamangidwa pa tizilumba. Mu 1951 analipo pafupifupi 175,000, koma pofika mu 2022 sankakwananso 50,000. Mkwiyo wa eni mzinda pa unyinji wa alendo odzaona malo umamveka bwino munthu akayambira pa kachikwangwani kameneka.

Kusamukaku sikunayambe ndi alendo ayi. Nyumba zambiri zinali zachinyontho ndiponso zodula kukonza, ntchito zinali kumtunda m'mafakitale a ku Marghera, ndipo chigumula cha pa 4 Novembala 1966, pamene madzi anakwera kufika masentimita 194, chinachititsa mabanja enanso kukakhazikika ku Mestre, tauni ya kumtundako. Alendo anangopeza malo atatseguka kale. Eni nyumba ataona kuti mlendo wa masiku ochepa amabweretsa ndalama zambiri kuposa banja lochita lendi, makamaka Airbnb (tsamba la pa intaneti lochititsira lendi nyumba kwa alendo) itafala, anasandutsa nyumbazo mogona alendo, ndipo masitolo ambiri ogulitsa zofunika pakhomo anasanduka ogulitsa zinthu zachikumbutso. Mu 2009 eni mzinda anachita mwambo wa maliro a mzinda wawo, atanyamula bokosi pabwato mumngalande waukulu wa Grand Canal, ndipo pofika mu 2023 mabedi a alendo anali ataposa chiwerengero cha anthu okhalamo.

Za sitima zikuluzikulu zonyamula alendo, zimene mafunde ake ankagwedeza maziko a nyumba, boma la Italy linachitapo kanthu mu Ogasiti 2021 poziletsa kudutsa mumngalande wa Giudecca, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe ndi malo a mbiri yakale, litachenjeza kuti likhoza kuika mzindawu pamndandanda wa malo amene ali pangozi.

Nkhani imene yavuta ndi ya chiphaso cholowera. Kuyambira pa 25 Epulo 2024, khonsolo inayamba kulipiritsa mayuro 5 alendo obwera ndi kubwerera tsiku lomwelo, pa masiku 29 osankhidwa m'chakacho. Ine ndikuona kuti ndalama imeneyi singabweze munthu amene walipira kale ndege, komanso siikhudza vuto la nyumba ngakhale pang'ono, popeza ogona mumzindamo salipira chiphasocho. N'chifukwa chake tsiku loyamba lomwelo eni mzinda anasonkhana pabwalo lolowera mumzindawo lotchedwa Piazzale Roma kuchita zionetsero, akukana kuti kwawo kuzilowedwa ndi tikiti ngati malo osungira zinthu zakale, ndipo chimene ankapempha chinali nyumba zoti ana awo azikhalamo.