Khoti linamuletsa koma akukutumizirabe mauthenga? Kaneneni tsiku lomwelo

Uthenga uwu ndi wa inu amene khoti lakupatsani chikalata chokutetezani kwa kanthawi, choletsa munthu amene amakuchitirani nkhanza kukuyandikirani kapena kulankhula nanu.

Nkhanza za m'banja zimakula chifukwa cha mtima wofuna kulamulira mnzako, nsanje, ndi kuzolowera kuti palibe chomwe chingachitike. Mowa umangowonjezera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse amachitiridwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogwiriridwa pa moyo wake, ndipo amayi ofika 38 mwa 100 alionse amene amaphedwa amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi zawo. Abambo nawonso zimawagwera.

Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu awa, amene timawamva kawirikawiri: "Wangopepesa basi, sanandiopseze." Munthu amawerenga uthenga wa usiku, "ndakusowa, ana ali bwanji?", n'kunena kuti ndidikire kaye, apolisi andiseka ndikapita ndi kanthu kotere. Musadikire. Ngati chikalatacho chikuletsa kulumikizana, kupepesa nakonso ndi kuphwanya lamulo. Kufulasha, kulemba pa Facebook kapena WhatsApp, kutumiza mphatso, kutuma m'bale wake kuti akunyengerereni, kuima tsidya la msewu pamene mukuweruka, zonsezi zikhoza kukhala mlandu. Werengani bwino zimene chikalata chanu chaletsa, chifukwa zimasiyana, makamaka pa nkhani ya ana.

Nthawi imene mwangosiyana naye ndi imene ngozi imakula. Iye akuona kuti mphamvu zikumuthawa, ndiye uthenga woyambawo amayesera nawo madzi. Akaona kuti palibe chachitika, mawa aimba, mkuja afika pakhomo.

Musamuyankhe, ngakhale liwu limodzi loti "ndisiye". Yankho lililonse limamuuza kuti khomo likadali lotsegula, ndipo akhoza kukaonetsa kukhoti n'kumati munkacheza bwinobwino. Ngati munayankha kale chifukwa cha mantha, musachite manyazi, kanenenibe. Lamulolo likumanga iyeyo.

Musafufutenso kalikonse. Tikudziwa kuti dzina lake likangotulukira pafoni mtima umagunda ndipo chala chimathamangira kufufuta, koma umenewo ndiye umboni wanu. Jambulani uthengawo kuti nambala, tsiku ndi nthawi zioneke, ndipo tumizani kwa munthu amene mumamukhulupirira. Lembani m'kope chilichonse chimene chachitika, malo ake ndi amene anaona. Kope la chikalata cha khoti lizikhala nanu paliponse, lina lisiyeni kuntchito ndi kusukulu ya ana. Sinthani manambala achinsinsi ndipo zimitsani zoonetsa pamene muli pa foni.

Akabwera pamaso, musakangane naye, musatsegule chitseko kuti "tingokambirana". Pitani pamene pali anthu ndipo imbani kupolisi, muwauze poyamba pomwe kuti muli ndi chikalata cha khoti. Ngati anakukanyangani pakhosi, anaopseza kuti akuphani kapena adzipha, kapena ali ndi chida, nenani zimenezo momveka bwino. Wokanyangidwa pakhosi afunika kuonedwa kuchipatala ngakhale pasaoneke bala, makamaka mawu akasasa kapena kumeza kukavuta. Ngati wakugwirirani, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe.

Tikubwerezanso: musasonkhanitse mauthenga kudikira kuti achuluke. Nenani uthenga woyamba womwe, ndipo pemphani nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi amene walemba. Akakupeputsani, pitani kwa mkulu wake kapena kukhoti komwe munatenga chikalatacho.

Chikalata cha kanthawi chili ndi tsiku lothera. Lionetsetseni lero, ndipo tsiku la mlandu mukapezeke kukhoti ndi kope lomwe mumalembamo zochitika lija ndi zithunzi zonse za mauthenga. Mukajomba, chitetezocho chikhoza kutha.