Chikhomo chanu chikagwera m'nyanja, musaimbe mlandu mapu

Pa ntchito yanga yojambula mapu, dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi ili: "Ndalemba manambala a malowo, koma kachikhomo kaja kakaima pakati pa nyanja." Chikhomo ndi kachizindikiro kosonyeza malo pa mapu a pafoni kapena pakompyuta. Nthawi zambiri mapu amakhala alibe vuto. Chalakwika ndi kalembedwe ka manambala awiriwo.

Malo aliwonse padziko lapansi ali ndi manambala awiri. Latitude imanena kuti malowo ali kutali bwanji ndi ikweta, kumpoto kapena kummwera, kuyambira madigiri 0 mpaka 90. Longitude imawerengera kummawa kapena kumadzulo kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich mumzinda wa London, mpaka madigiri 180. Mzerewu anaugwirizana pa msonkhano wa mayiko ku Washington mu 1884.

Msampha woyamba ndi wakuti nambala iti iyambe. Google Maps imafuna latitude kutsogolo. Koma mafayilo osungira malo a pa mapu otchedwa GeoJSON, amene opanga mapulogalamu amawakonda, amayamba ndi longitude. Pakati pa London ndi pa 51.5074, -0.1278. Mukangosinthanitsa, chikhomo chanu chimakatera m'nyanja ya Indian, kummawa kwa gombe la Somalia. Nambala ikapitirira 90, dziwani kuti imeneyo ndi longitude basi. Zonse zikakhala zazing'ono, palibe kuchitira mwina koma kufunsa amene anazilemba.

Kenaka pali kamzere kochotsera kaja (-). Kummwera kwa ikweta ndi kumadzulo kwa Greenwich, nambala imayamba ndi kamzereko. Johannesburg ili cha pa -26.2, 28.0, mukakaiwala, mwaisamutsira m'chipululu cha ku Egypt. Ndipo zikhomo zanu zikaunjikana pa 0, 0 m'nyanja ya Atlantic, kummwera kwa Ghana, ndiye kuti mabokosi ena olembamo manambala munawasiya opanda kanthu ndipo kompyuta yangoikamo ziro. Ife a mapu malo amenewa timawatcha Null Island mwanthabwala, ngakhale kulibe chilumba.

Chimene chimapusitsa ngakhale ophunzira bwino ndi maminitsi. Digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, osati 100. Choncho madigiri 15 ndi maminitsi 30 ndi 15.5, osati 15.30. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111. Apa mwaphonya ndi makilomita 22, mwina kunja kwenikweni kwa mzinda umene mumafuna.

Nanga pambuyo pa kadontho pakhale manambala angati? Atatu amakufikitsani m'dera la mamita pafupifupi 110, anayi mamita 11, asanu mita imodzi. Pa mapu a mzinda asanu akwana. Ndikaona wina walemba khumi ndimangoseka, chifukwa GPS ya pafoni payokha imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pakati pa nyumba zitalizitali zimene zimatchinga masetilaiti.

Zonsezi zikakhala bwino koma zikhomo zonse n'kutsetserekera mbali imodzi mofanana, kayikirani muyeso wa kaumbidwe ka dziko lapansi umene ojambula mapuwo anagwiritsa ntchito. GPS imatsatira muyeso wa WGS 84, pomwe mapu ambiri akale apepala anajambulidwa ndi miyeso ina, ndipo kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 100. Ine ndisanathire mndandanda wonse, ndimayamba ndakhoma chikhomo chimodzi pamphambano imene ndikuidziwa bwino, n'kuona ngati chaima pamsewu kapena padenga la nyumba yoyandikana nayo.